Emily Hobhouse ndi Imfa za M'misasa ya Nkhondo ya Mabunu

Emily Hobhouse anabadwa mu 1860 ku St Ive, m'dera la Cornwall ku England. Bambo ake anali m'busa wa mpingo wa Anglican. Dzina la mayiyu linamveka pa nkhondo ya Britain ndi Mabunu ku South Africa, yomwe inamenyedwa kuyambira 1899 mpaka 1902.

Pa nkhondoyi asilikali a Britain ankatentha mafamu a Mabunu ndi kutsekera amayi ndi ana m'misasa. Mu Januwale 1901 Hobhouse anafika pa msasa wa ku Bloemfontein ndipo anapeza njala, madzi oipa ndi matenda zikupulula ana. Atabwerera kwawo anafalitsa lipoti mu Juni chaka chomwecho. Ochirikiza nkhondo anamunena kuti ndi wogulitsa dziko amene akungokokomeza nkhani. Koma gulu la amayi lotsogozedwa ndi Millicent Fawcett, lomwe boma linatuma kukafufuza, linatsimikiza zambiri mwa zimene iye analemba. Ngakhale zinali choncho, atabwereranso mu Okutobala 1901 anamukaniza kutsika sitima ku Cape Town ndipo anamubweza.

Lero akatswiri a mbiri amavomereza kuti Mabunu pafupifupi 28,000 anafera m'misasa, ambiri mwa iwo ana. Koma za anthu akuda, omwe anatsekeredwa m'misasa yawoyawo, mkangano udakalipo. Kaundula amasonyeza imfa zoposa 14,000, pamene akatswiri ambiri amati zinafika 20,000 kapena kuposerapo, poti akufa ambiri sanalembedwe n'komwe.

Hobhouse anamwalira ku London mu 1926. Phulusa lake linaikidwa ku Bloemfontein, pa chipilala chomwe chinatsegulidwa mu 1913 pokumbukira amayi ndi ana a Mabunu okha.