RICHARD ETHERIDGE: KAPOLO AMENE ANAKHALA KAPITAO WA OPULUMUTSA ANTHU PA NYANJA

Sabata ino tikusimbirani mbiri ya Richard Etheridge, munthu wa ku America amene anabadwa ali kapolo, koma anamwalira ali kapitao wa gulu la amuna opulumutsa anthu a m'zombo zosweka pa nyanja ya mcere. Iyeyu ndiye munthu wakuda woyamba kupatsidwa udindo wotere m'dziko lija.

Etheridge anabadwa m'caka ca 1842 m'dera la cisumbu ca Roanoke, m'cigawo ca North Carolina. Mbuye wace anali mzungu dzina lace John Etheridge. Masiku amenewo lamulo la cigawoco linali kuletsa kuphunzitsa kapolo kuwerenga ndi kulemba, komabe mnyamatayu anaphunzira zonse ziwiri. Anakulira pa madzi, kugwira nsomba ndi kupalasa ngalawa, kotero kuti anadziwa makhalidwe a mphepo ndi mafunde akali wamng'ono.

Gombe la kwaoko ndi loopsa zedi. Kuli zisumbu zazitali za mcenga, ndipo pansi pa madzi pali milu ya mcenga imene imasuntha caka ndi caka. Namondwe akakankhira combo pa mulu wotere, comboco cimatitimira ndipo mafunde amaciphwanya. Zombo zambirimbiri zinathera pamenepo, mwakuti malowo anachedwa manda a zombo.

Nkhondo yapaciweniweni itabuka ku America, asilikali a kumpoto, amene anali kulimbana ndi eni akapolo a kumwera, analanda cisumbu ca Roanoke m'caka ca 1862. Caka cotsatira Etheridge analowa usilikali m'gulu la anthu akuda, namenya nkhondo ku Virginia, nakwezedwa kukhala sajeni. M'caka ca 1865 iye ndi msilikali mnzace analemba kalata kwa mkulu wa boma woyang'anira akapolo omasulidwa, kudandaula kuti mabanja a asilikali akuda ku Roanoke anali kuzunzidwa ndi kumanidwa cakudya. Anacoka ku usilikali m'caka ca 1866, nabwerera kwao, nakwatira.

Pa nthawi imeneyi boma la America linayamba kumanga nyumba za opulumutsa m'mbali mwa nyanja, zotalikirana mamailosi owerengeka. Nyumba iriyonse inali ndi kapitao mmodzi ndi amuna asanu ndi mmodzi. Usiku wonse amunawa anali kuyenda m'gombe mosinthana, kusuzumira ngati pali combo cimene cagwa m'tsoka. Combo cikatitimira, anali kupita ndi ngalawa, kapena kuombera cingwe ndi kamzinga kuti cikagwere pa combo, ndipo anthu anali kukokedwa pa cingweco mmodzimmodzi kufikira kumtunda. Etheridge analowa nchitoyi m'caka ca 1875. Anthu akuda anali kulembedwa ndithu, koma anali kuikidwa pa malo otsiriza, ngakhale akhale odziwa madzi kupambana anzao.

Zinthu zinasintha m'mwezi wa Novembala 1879, pamene combo cochedwa M&E Henderson cinasweka pafupi ndi nyumba ya opulumutsa ya ku Pea Island, ndipo anthu anai anafa. Wofufuza wa boma, Charles Shoemaker, anapeza kuti alonda a pamenepo sanacite nchito yao. Kapitao anacotsedwa, ndipo Shoemaker anauza mkulu wa nchitoyi, Sumner Kimball, kuti woyenera kulowa m'malo mwace anali Etheridge. Kimball anabvomera, ndipo m'mwezi wa Januwale 1880 Etheridge anakhala kapitao. Popeza azungu sakadalola kulamulidwa ndi munthu wakuda, anthu akuda a m'nyumba zina anasamutsidwira ku Pea Island, ndipo gulu lonse linakhala la akuda okhaokha.

Pasanathe miyezi isanu ndi umodzi, nyumbayo inapsa ndi moto. Ofufuza anaona kuti motowo unayatsidwa dala, koma palibe amene anaimbidwa mlandu. Etheridge ndi anthu ace sanathawe. Nyumba inamangidwanso pamalo pomwepo.

Kapitaoyu anadziwa bwino kuti ambiri anali kudikira kuti alakwe kamodzi kokha, kuti anene kuti munthu wakuda sangathe kutsogolera. Cifukwa cace iye anagwira gulu lace mwausilikali. Sabata iriyonse amuna ace anali kuyeseza kuombera cingwe, kugubuduza ngalawa m'mafunde ndi kuiimikanso, kuwerenga zizindikiro za mbendera, ndi kutsitsimutsa munthu womira. Anacita zimenezi zaka 16, dzuwa kaya mphepo, kufikira gulu la ku Pea Island linadziwika kuti linali limodzi la magulu okonzeka koposa pa gombe lonselo.

Cipatso ca khama limeneli cinaoneka usiku wa pa 11 Okutobala 1896. Namondwe wamkulu anagwira combo ca E.S. Newman, cimene cinali pa ulendo wocokera ku Providence kupita ku Norfolk, nacitayira pa mcenga mamailosi awiri kumwera kwa Pea Island. M'combomo munali anthu asanu ndi anai: woyendetsa combo, Sylvester Gardiner, mkazi wace, mwana wao wa zaka zitatu, ndi amalinyero asanu ndi mmodzi. Mphepo inali itakula kotero kuti Etheridge analetsa alonda kuyenda m'gombe usiku umenewo, pakuti madzi anali atamiza gombe lonse. Koma Theodore Meekins, amene anali kulondera ali pa nyumbapo, anaona kuwala kofiira mumdima, nauza kapitao.

Amunawo anamanga nyuru ku ngolo ya zipangizo, nayenda m'madzi ndi m'mcenga wotitimira kufikira anayandikana ndi combo. Pamenepo anapeza kuti zida zao zonse zinali zopanda nchito. Ngalawa sikadalowa m'mafunde otere, ndipo panalibe nthaka youma yoikapo kamzinga. Etheridge anasankha amuna awiri amphamvu, nawamangirira pamodzi ndi cingwe m'ciuno, otsalawo nagwira nsonga yace kumtunda. Awiriwo analowa m'mafunde, kugwa ndi kudzuka, kufikira anafika pa combo. Anamanga munthu mmodzi ku cingwe, ndipo anzao anawakoka onse kubwera kumtunda. Awiri akatopa, ena awiri anali kulowa. Anapita ndi kubwera cotero mumdima kufikira anthu onse asanu ndi anai anaturuka amoyo, ndipo mwa opulumutsawo sanafe ndi mmodzi yemwe.

Magulu ena a azungu anali kulandira mendulo pa nchito zotere, koma a ku Pea Island sanalandire kanthu. Etheridge analemba za usikuwo mwacidule m'buku la nchito, napitiriza kuyang'anira gulu lace. Anadwala namwalirira pa nyumba yomweyo m'mwezi wa Meyi 1900, ali ndi zaka 58, atakhala kapitao zaka 20. Anaikidwa pa cisumbu ca Roanoke.

Nyumba ya ku Pea Island inakhalabe m'manja mwa anthu akuda kufikira inatsekedwa m'caka ca 1947. M'caka ca 1996, patapita zaka 100, boma la America linapereka mendulo ya golide kwa Etheridge ndi anzace asanu ndi mmodzi: Benjamin Bowser, Lewis Wescott, Dorman Pugh, Theodore Meekins, Stanley Wise ndi William Irving. Onsewa anali atagona kale m'manda. M'caka ca 2012 combo catsopano ca alonda a gombe la America cinachedwa dzina la Richard Etheridge.

Ulemu unacedwa, koma anthu asanu ndi anai aja sanadikire mendulo kuti apulumuke. Cinawapulumutsa ndi cizolowezi ca amuna amene anaphunzira nchito yao tsiku ndi tsiku kwa zaka 16, popanda wowayamika.