J.R.R. Tolkien: Mwana Wamasiye Amene Ankakonda Mawu

Kodi mudawerengapo buku la The Hobbit, kapena kuonera mafilimu a The Lord of the Rings? Ngati mudatero, ndiye kuti mukumudziwa Bilbo Baggins, kamunthu kakafupi kaja kosavala nsapato, kokhala m'nyumba yokumbidwa m'chitunda. Lero tiwerenga mbiri ya munthu amene adamupeka. Pamene mukuwerenga, yang'anitsitsani chimene chidayambitsa nthano zake.

John Ronald Reuel Tolkien adabadwa pa 3 Januwale 1892 ku Bloemfontein, m'dziko limene lero ndi South Africa. Bambo ake ankayang'anira banki kumeneko. Ronald ali ndi zaka zitatu, mayi ake, a Mabel, adamutenga pamodzi ndi mng'ono wake Hilary kukaona abale ku England. Ali komweko, m'chaka cha 1896, kudafika uthenga wakuti bambo aja amwalira. Banjali silidabwererenso ku Africa.

Mayi ndi ana awo adakakhala ku Sarehole, kamudzi ka pafupi ndi Birmingham, kumene kudali minda ndi chigayo choyendera madzi. Ndalama zidali zosowa, choncho a Mabel ankaphunzitsa okha anawo pakhomo: Chilatini, Chifalansa, kujambula ndi mayina a zomera. Ronald ankakonda kamvekedwe ka mawu, ngakhale mawu amene sankadziwa tanthauzo lake. Atasamukira m'tauni, ankawerenga mayina a chilankhulo cha ku Wales olembedwa pa mabogi a sitima zonyamula malasha, n'kumawatchula mobwerezabwereza.

Mu 1904 a Mabel adamwalira ndi matenda a shuga, pa nthawi imene mankhwala a insulin adali asanatulukire. Tangoganizani, mwana wa zaka 12, bambo kulibe, mayi kulibe! Wansembe wa Katolika, Bambo Francis Morgan, ndi amene adatenga udindo wolera anyamata awiriwa. Ali ndi zaka 16, Ronald adakondana ndi Edith Bratt, mtsikana amenenso adali wamasiye. Bambo Morgan adaopa kuti sukulu iwonongeka, ndipo adamuletsa kuonana naye mpaka atakwanitsa zaka 21. Iye adamvera. Tsiku lomwe adakwanitsa zakazo adamulembera kalata, ndipo adakwatirana mu Malichi 1916.

Ukwati udakali wa miyezi yochepa, Tolkien adatumizidwa ku nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ku Somme m'dziko la France. Awiri mwa anzake apamtima a kusukulu adafera kumeneko. Iyeyo adadwala matenda ofalitsidwa ndi nsabwe m'ngalande zimene asilikali ankabisalamo, ndipo adamubweza ku England. Akuchira, adayamba kulemba nthano zake zoyambirira.

Nkhondo itatha, adagwira nawo ntchito yolemba dikishonale yaikulu ya Oxford, akufufuza chiyambi cha mawu oyamba ndi lemba la W. Mu 1925 adakhala pulofesa wa Chingerezi chamakedzana pa yunivesite ya Oxford. Koma madzulo ankachita chinthu chodabwitsa: ankapeka zilankhulo zakezake, zokhala ndi mawu ndi malamulo ake. China adachitcha Quenya, ndipo chimamveka ngati chilankhulo cha ku Finland. China ndi Sindarin, chomveka ngati cha ku Wales. Tsonotu chilankhulo chimafuna eni ake ochilankhula, okhala ndi dziko, nyimbo ndi mbiri. Motero iye adalenga dziko la Middle-earth kuti zilankhulo zakezo zipeze kwawo. Mwaona? Zidayamba ndi zilankhulo, nthano n'kubwera pambuyo.

Nanga Bilbo adachokera kuti? Tsiku lina akuchonga mayeso, Tolkien adapeza tsamba losalembedwa kanthu, n'kulembapo chiganizo chimodzi chonena za hobbit. Chiganizo chimenecho chidakula n'kukhala nthano imene ankafotokozera ana ake: Bilbo akuyenda ulendo woopsa ndi Gandalf, nkhalamba yamatsenga, komanso amuna 13 aafupi andevu, onga akafula a m'nthano zathu, kukalanda chuma kwa chinjoka cholavula moto, Smaug.

Wosindikiza mabuku, Stanley Unwin, atalandira nthanoyi adaipereka kwa mwana wake Rayner, wa zaka 10, kuti aiwerenge. Mwanayo adaiyamikira, ndipo adalipidwa shileni imodzi. Bukuli lidatuluka mu Seputembala 1937, ndipo makope 1,500 oyamba adatha Khirisimasi isanafike. Owerenga adalikonda, n'kumafuna lina. Tolkien adatenga zaka zoposa khumi kulemba The Lord of the Rings, limene lidatuluka m'magawo atatu mu 1954 ndi 1955. Amene adathandiza kuti lisindikizidwe ndi Rayner yemwe uja, atakula n'kuyamba ntchito pa kampani ya bambo ake.

Edith adamwalira mu 1971, ndipo Tolkien adamutsatira pa 2 Seputembala 1973 ali ndi zaka 81. Adaikidwa m'manda amodzi ku Wolvercote, ku Oxford. Pa mwala wa pamandapo, pansi pa mayina awo, padalembedwa Lúthien ndi Beren, mayina a okondana awiri a m'nthano zake.

Mafunso

1. Tchulani zilankhulo ziwiri zimene Tolkien adaphunzira kwa mayi ake.
2. N'chifukwa chiyani adalenga dziko la Middle-earth?
3. Kodi Rayner adathandiza bwanji kuti The Hobbit isindikizidwe?

Ntchito ya kunyumba

Yerekezani kuti ndinu Rayner. Sankhani buku limene mumalikonda kwambiri, ndipo lembani ziganizo zisanu m'Chichewa zofotokoza chifukwa chake anzanu ayenera kuliwerenga. Mukawawerengere makolo anu musanabwere nazo m'kalasi.