Woody Guthrie: mlakatuli wa fumbi ndi misewu ya America

Masiku ano magulu ang'onoang'ono oimba nyimbo za makolo ku America amalongedza magitala ndi mabanjo m'galimoto imodzi, n'kumayenda tauni ndi tauni kukaimba ndi kugulitsa zimbale zawo popanda kampani yaikulu yowagwira dzanja. Ambiri mwa iwo akafunsidwa za amene adalambula njirayo, dzina losasowa ndi la Woody Guthrie, munthu amene adapeka nyimbo zoposa 1,000 koma chuma chidamulambalala moyo wake wonse.

Woodrow Wilson Guthrie adabadwa pa 14 Julayi 1912 m'tauni ya Okemah, m'chigawo cha Oklahoma. Bambo ake, a Charley, ankagula ndi kugulitsa malo, pomwe mayi ake, a Nora, ndiwo adamuphunzitsa nyimbo zakale zosimba nkhani. Mtendere sudakhalitse m'banjamo. Mu 1919 mlongo wake Clara adapsa ndi moto mpaka kumwalira. Malonda a bambo ake adalowa pansi, ndipo mu 1927 nawonso adavulala kwambiri ndi moto. Mayi ake, amene khalidwe lawo lidali litayamba kusintha modabwitsa, adawatengera kuchipatala cha amisala komwe adamwalirira mu 1930.

Mu 1929 mnyamatayu adatsatira bambo ake ku Pampa, m'chigawo cha Texas. Kumeneko adazama pa gitala ndipo adayambitsa kagulu ka anthu atatu kotchedwa Corncob Trio pamodzi ndi Matt Jennings ndi Cluster Baker. Mu 1933 adakwatira Mary, mlongo wake wa Jennings.

Zaka zimenezo chilala chidasautsa zigwa za pakati pa dzikolo. Nthaka yomwe alimi adaigaula mopyola muyezo idauma, mphepo n'kuyamba kuinyamula. Pa 14 Epulo 1935 chimtambo cha fumbi chidaphimba dzuwa masana, Pampa n'kukhala mumdima. Mabanja zikwizikwi adasiya minda yawo kulowera ku California kukasaka maganyu m'minda ya zipatso ndi thonje. Guthrie adayenda nawo, pena pamatola, pena pozembera m'mabogi a sitima za katundu, akulemba zikwangwani za masitolo ndi kuimba m'malo omwera mowa kuti apeze chakudya.

Ku California othawa fumbiwo adalandiridwa ndi chipongwe. Eni minda ankawalipira ndalama yosakwanira n'chakudya chomwe, ndipo mu 1936 apolisi a ku Los Angeles adafika pokatchinga malire a chigawocho n'kumabweza anthu opanda ndalama m'thumba. Mu 1937 Guthrie adapeza mpata pa wailesi ya KFVD, komwe ankaimba ndi Maxine Crissman. Aganyu a m'misasa adamva munthu wolankhula ngati iwo akuimba za njala yawo, ndipo makalata adayamba kusefukira kuwailesiko.

Chaka cha 1940 ndicho chidamutchukitsa. Atafika ku New York mu Febuluwale, adapeka "This Land Is Your Land" poyankha nyimbo ya Irving Berlin yotamanda America, yomwe iye ankaiona kuti ikubisa mavuto a amphawi. Nyimbo yakeyo idali ndi ndime zodandaula za malo otchingidwa ndi eni chuma komanso za anthu oima pamzere kudikira chithandizo, koma m'masukulu ndime zimenezi nthawi zambiri ankazidumpha. Mwezi wotsatira Alan Lomax adamujambula kwa maola angapo akuimba ndi kusimba mbiri yake, kuti zisungidwe ku Library of Congress. Kenaka kampani ya RCA Victor idatulutsa Dust Bowl Ballads, chimbale chomwe nyimbo zake zonse zimazungulira nkhani imodzi ya fumbi ndi kusamuka. Nthawi imeneyo mbali imodzi ya mbale inkanyamula mphindi zitatu kapena kupitirira pang'ono, choncho nyimbo yosimba za Tom Joad, wa m'buku la John Steinbeck, idadya mbali zonse ziwiri.

Ndalama zitayamba kubwera, Guthrie adazifulatira. Adapatsidwa pologalamu ya pawailesi yolipidwa bwino ndi kampani ya fodya, koma patangopita milungu yochepa adaisiya chifukwa sankafuna kuuzidwa choimba ndi cholankhula. Mu Meyi 1941 bungwe la boma la Bonneville Power Administration lidamulemba ganyu ya mwezi umodzi yopeka nyimbo za madamu a magetsi pa mtsinje wa Columbia, ndipo adapeka nyimbo 26.

Atachoka kumeneko adalowa gulu la Almanac Singers, momwe mudali Pete Seeger, Lee Hays ndi Millard Lampell. Chaka chomwecho adadutsa dziko lonse pagalimoto mpaka ku California, akuimba m'maholo a mabungwe a anthu apantchito. Ku New York ankakhala nyumba imodzi, ndipo Lamulungu ankachititsa zoimbaimba panyumbapo kuti apeze ya lendi. Umenewu ndiwo moyo womwe magulu odziimira paokha akukhalabe lero: malipiro ochepa, ulendo wautali, ndi ufulu woimba zimene mtima wafuna.

Mu 1943 adatulutsa buku la mbiri yake, Bound for Glory, ndipo pankhondo yachiwiri yapadziko lonse adagwira ntchito m'sitima zapamadzi zonyamula katundu pamodzi ndi mnzake Cisco Houston. Mu 1944 adayamba kujambula nyimbo zambirimbiri m'kasitudiyo ka Moses Asch, yemwe pambuyo pake adayambitsa kampani yaing'ono ya Folkways. Asch adali ndi lamulo loti chimbale chisachoke pamsika ngakhale chisakuyenda malonda, ndipo n'chifukwa chake mawu a Guthrie sadatayike. Bungwe la Smithsonian lidatenga nkhokwe yonseyo mu 1987.

Moto udamutsatanso mu 1947, pomwe Cathy, mwana wake wa zaka zinayi kwa mkazi wachiwiri Marjorie Mazia, adamwalira atapsa m'nyumba ku Coney Island. Posakhalitsa iye adayamba kudzandira ndi kulankhula mosamveka, anthu n'kumati ndi mowa. Mu 1952 madokotala adapeza kuti akudwala nthenda ya Huntington, ya kumtundu, yomwe imaononga ubongo pang'onopang'ono. Ndiyo idapha mayi ake, ndipo idadzatenganso ana ake aakazi awiri a m'banja loyamba.

Zaka zake zotsiriza zoposa khumi adakhala m'zipatala, manja osathanso kugwira gitala. Oimba achinyamata ankapita kukamuzonda ndi kumuimbira nyimbo zake zomwe, ndipo mmodzi wa iwo, mu 1961, adali Bob Dylan. Guthrie adamwalira pa 3 Okutobala 1967 ku Queens, ali ndi zaka 55. Chaka chomwecho Marjorie adayambitsa bungwe lolimbana ndi nthenda ya Huntington.

Mapepala a nyimbo zomwe sadazijambule adatsala m'mabokosi. Mwana wake Nora adawapereka kwa Billy Bragg ndi gulu la Wilco, omwe adawaveka maimbidwe n'kutulutsa chimbale cha Mermaid Avenue mu 1998. Mapepalawo tsopano akusungidwa ku Woody Guthrie Center mumzinda wa Tulsa, malo omwe adatsekulidwa mu 2013, ndipo chaka chilichonse mu Julayi oimba amasonkhana ku Okemah kukaimba kwawo kwa mwini nyimbozo.