Babe Ruth, Mwana Wopulupudza Amene Anabwezera Ulemu ku Masewera a Amereka

Pa 16 Ogasiti 1948, mu mzinda wa New York, anamwalira George Herman Ruth, amene dziko lonse la Amereka linali kumutcha Babe Ruth. Anali ndi zaka 53 zokha. Mtembo wake anaugoneka masiku awiri pa bwalo la Yankee Stadium, ndipo anthu zikwizikwi, akulu ndi ana omwe, anandanda kudzamuona nkhope komaliza. Nkoyenera tsono kufunsa chimene munthu womenya mpira ndi ndodo anawachitira anthu a kwawo kuti amulire chotero.

Kwa owerenga athu amene sanaonepo masewera a baseball, machitidwe ake ali otere: woponya aponya kampira kolimba, womenya akamenya ndi ndodo, nathamanga kuzungulira malo anayi a pabwalo. Kampirako kakakagwera kuseri kwa mpanda, iye azungulira popanda womuletsa, ndipo kumenya kotereku akutcha home run.

Ruth anabadwa pa 6 Febuluwale 1895 ku Baltimore, kumene atate wake anali ndi nyumba yogulitsiramo mowa. Pokhala mwana wosamva, makolo ake anamutumiza ali ndi zaka 7 ku St. Mary's Industrial School, sukulu ya Akatolika yosungiramo ana amasiye ndi ana opulupudza. Kumeneko anaphunzira kusoka malaya, ndipo mphunzitsi wina, Brother Matthias, anaona luso la mnyamatayo namulera ngati mwana wake. Mu 1914 Jack Dunn, mwini timu ya Baltimore Orioles, anamulemba ntchito, ndipo chaka chomwecho anamugulitsa ku Boston Red Sox.

Ku Boston Ruth anatchuka poyamba monga woponya wa dzanja lamanzere, nathandiza timuyo kupambana mpikisano waukulu wa World Series mu 1915, 1916 ndi 1918. Koma pakuti dzanja lake linali lamphamvu pa ndodo, anayamba kumusiyitsa kuponya, ndipo mu 1919 anamenya ma home run 29, chiwerengero chimene munthu anali asanachifikepo. Pamenepo mwini timu, Harry Frazee, anamugulitsa ku New York Yankees pa mtengo wa madola 100,000. A Red Sox sanapambanenso World Series kufikira 2004.

Ruth anafika ku New York pa nthawi ya manyazi aakulu. Mu 1920 kunamveka kuti osewera asanu ndi atatu a Chicago White Sox anagwirizana ndi anthu a juga kuti agonje dala mu World Series ya 1919. Asanu ndi atatu onsewo anawaletsa kusewera moyo wawo wonse, koma anthu olipira pakhomo anali atayamba kale kukayika ngati zimene anali kuona pabwalo zinali zoona. Chaka chomwecho Ruth anamenya ma home run 54, kuposa timu ina iliyonse yathunthu ya mu American League, ndipo a Yankees analandira oonerera opitirira miliyoni imodzi. Mpira wouluka pamwamba pa mpanda unali chinthu chimene aliyense anachiona ndi maso ake, ndipo makamu anabwerera ku mabwalo. Mu 1921 anamenya 59, mu 1927 anamenya 60. Pofika 1930 malipiro ake anali madola 80,000 pa chaka, kuposa a Purezidenti Herbert Hoover.

Sitingabise kuti munthuyo anali ndi zofooka. Anali wokonda mowa, kudya ndi kuyenda usiku, ndipo mu 1925 mkulu wa timu, Miller Huggins, anamuimitsa namulipiritsa madola 5,000. Komabe sanaiwale kumene anachokera: anali kuyendera ana m'zipatala ndi m'nyumba za amasiye, nchifukwa chake ana anamukonda koposa. Chimene iye anachifunitsitsa atakula chinali kutsogolera timu ya Yankees, koma eni ake, pokumbukira makhalidwe ake akale, sanamupatse udindowo. Anatsiriza ku Boston Braves mu 1935, kumene pa 25 Meyi anamenya ma home run atatu tsiku limodzi ku Pittsburgh, nasiya masewera patapita masiku owerengeka ali ndi 714. Mu 1936 anakhala mmodzi wa anthu asanu oyamba kulowetsedwa m'nyumba ya ulemu ya masewerawa ku Cooperstown.

Nthenda ya khansa inamupeza mu 1946. Pa 13 Juni 1948 anaonekera komaliza pa Yankee Stadium, atawonda, akutsamira ndodo yomenyera mpira, ndipo timuyo inalamula kuti nambala 3 isadzavalidwenso ndi wosewera wina.

Ziwerengero zake zinapitiriridwa pambuyo pake. Roger Maris anamenya 61 mu 1961, ndipo pa 8 Epulo 1974 Hank Aaron anadutsa 714. Aaron anali munthu wakuda, ndipo m'masiku a Ruth sakanaloledwa m'ligi yaikulu, pakuti khomo linatsegukira anthu akuda mu 1947 ndi Jackie Robinson. Ichi nchofunika kuchikumbukira poyesa mbiri ya nthawi imeneyo. Ngakhale zili tero, ntchito ya Ruth ya mu 1920 ikhalabe yake: anthu anali atataya chikhulupiriro m'masewera awo, ndipo mnyamata wa ku St. Mary's anawabwezera.