Daniel Jones ndi Malo a Lilime

Ife amene taphunzitsapo Chingerezi ku Mua, ku Golomoti ndi ku Mtakataka tikudziŵa m'mene ana amavutikira kusiyanitsa light ndi right, pakuti m'Chicheŵa l ndi r sasintha tanthauzo la mawu. Amene anatiunikira njira pa vutoli ndi Daniel Jones, wobadwira ku London m'chaka cha 1881.

Jones anaphunzira masamu ku Cambridge, kenaka zamalamulo, koma mtima wake unali pa katchulidwe ka mawu. Atasulidwa ndi Paul Passy ku Paris, anayamba kuphunzitsa pa University College London mu 1907. Sanadalire khutu lokha. Mu 1917 anadzijambulitsa ndi X-ray, kaunyolo ka mtovu kali pa lilime, kuti aone pamene lilimelo limakhala. Buku lake la 1918, An Outline of English Phonetics, limalongosola zimene mwana angathe kuziyesa yekha: potchula l nsonga ya lilime imagunda nkhama za kuseri kwa mano a m'mwamba, potchula r imangoyandikira osagunda, ndipo potchula th imakhudza mano enieniwo mpweya ukudutsa, mosiyana ndi th wathu wa m'mawu oti thumba.

Zinenero za kuno sanazinyoze. Mu 1916 iye ndi Sol Plaatje anasindikiza buku loŵerenga la Setswana. Anamwalira mu 1967.