BISHOPU CHARLES MACKENZIE NDI ANA A PA MAGOMERO

Pa 31 Januwale chaka chilichonse mpingo wathu umakumbukira Bishopu Charles Frederick Mackenzie, bishopu woyamba kufika m'dziko lathu lino. Ambiri a ife timangodziwa dzina lokha. Bambo amenewa anakhala kuno miyezi yosakwana 7. Tchalitchi chimene anayamba kumanga sanachitsirize, ndipo sanabatize khamu la anthu. Nthawi yawo yambiri inathera pa ana opanda makolo, anjala ndi azilonda. Mbiri yawo ikutikhudza ife amayi, chifukwa ikuonetsa kuti kupulumutsa mwana kumatheka tsiku limodzi, koma kumulera kumafuna zaka ndi manja ambiri.

Ubwana ndi maphunziro

A Mackenzie anabadwa pa 10 Epulo 1825 ku Portmore m'dziko la Scotland, ndipo anali mzime m'banja la ana ambiri. Bambo awo anamwalira mu 1830 iwo ali ndi zaka 5, choncho mlongo wawo wamkulu, Elizabeth, ndiye anatenga udindo wowaphunzitsa. Umasiye anaudziwa ali aang'ono, komanso anadziwa chimene dzanja la mayi limachita pa mwana wamasiye.

Anali ndi mutu wa masamu. Ku yunivesite ya Cambridge anakhala nambala 2 pa mayeso a masamu mu 1848, ndipo anayamba kuphunzitsa konko. Anadzozedwa udikoni mu 1851, kenaka unsembe. Akanafuna akanakalambira pa ntchito yabwinoyo, koma mu 1855 ananyamuka ndi Bishopu Colenso kupita ku Natal, ku South Africa, kukagwira ntchito ya Archdeacon. Anapita ndi mlongo wawo Anne, ndipo mlongo wina, Alice, anawatsatira. Alongo awiriwa ndiwo ankaphunzitsa ana ndi amayi. Kuyambira nthawi imeneyo a Mackenzie anazolowera kuti ntchito ya mishoni siyenda popanda amayi.

Ulendo wobwera ku Shire

Mu Disembala 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge za malonda a akapolo, napempha kuti atumize amishoni. Pempho limeneli ndilo linabala bungwe limene pambuyo pake linatchedwa UMCA, kholo la mpingo wathu kuno. A Mackenzie anapemphedwa kutsogolera, ndipo anadzozedwa ubishopu pa 1 Januwale 1861 ku Cape Town. Anabwera ndi Procter, Scudamore ndi Rowley, komanso Horace Waller ndi amisiri. Analinso ndi akhristu akuda a ku Cape Town, amene kale anali akapolo, kuti aziwamasulira mawu. Amayi anawasiya m'mbuyo kuti adzabwere malo akakonzedwa.

Anakwera mtsinje wa Zambezi ndi wa Shire pa sitima yotchedwa Pioneer, nafika kwa Chibisa, ku Chikwawa, mu Julayi 1861. Kuchokera kumeneko anayenda pansi kukwera mapiri. Pa 16 Julayi ali kwa Mbame, m'mudzimo munalowa mdipiti wa akapolo amene ankapita nawo ku Tete. Amuna anali m'magoli, amayi ndi ana atamangidwa zingwe. Anthu a Livingstone atawathamangira, oyendetsa akapolo aja anathawira kutchire. Bishopu anali kumtsinje kukasamba, ndipo pobwera anapeza anthu 84 atamasulidwa, ambiri mwa iwo amayi ndi ana, osadziwa kolowera. Anavomera kuwatenga. Munthu amene anabwera kudzalalikira anapezeka kuti ndi bambo wa banja lalikulu asanadziwe n'komwe chinenero cha ana akewo.

Moyo wa pa Magomero

Mukamachokera ku Liwonde kupita ku Blantyre kudzera ku Zomba, mumaoloka mtsinje wa Namadzi. Kunsi kwa mtsinje womwewo ndi kumene kuli Magomero. Mfumu Chigunda inawapatsa malo pamene mtsinje unakhota n'kuzungulira pafupifupi mbali zonse, ndipo mbali yotsalayo anamangako linga. Anthu omasulidwa ankawonjezekabe mpaka anapitirira 150.

Tsiku linkayamba ndi mapemphero. Kenaka ankaitana mayina, aliyense payekha, n'kugawa chakudya. Anyamata ankafola pamzere kupita kumtsinje kukasamba. Ambiri anali ndi zilonda za m'miyendo, ndipo kutsuka ndi kumanga zilondazo inali ntchito ya m'mawa uliwonse. Akatero ena ankapita kumunda, ena kumanga nyumba, ena kuphunzira. Amishoni sanafulumire kubatiza anthu chifukwa ankafuna ayambe adziwa chinenero, kuti munthu azimva chimene akuvomera. Ankabatiza ana okhawo amene anali pafupi kumwalira. Mmodzi mwa iwo anali kamnyamata kofooka ndi njala, kamene Bishopu anakagoneka m'nyumba mwawo kuti akayang'anire usiku, koma kanamwalira.

Panalinso kamtsikana kena, dzina lake Daoma. Pa ulendo wina wobwerera ku Magomero mwanayu analephera kuyenda, ndipo Bishopu anamunyamula paphewa. Dzina limeneli tilisunge, tikumana nalonso.

Nkhani ya mfuti

Mbiri yabwino sibisa chilema. Nthawi imeneyo Amang'anja ndi Ayao ankalimbana m'dera la Zomba ndi nyanja ya Chilwa. Mafumu a Amang'anja anadandaulira Bishopu kuti awathandize. Iwo anavomera, atawalonjezetsa kuti asiya kugulitsa anthu, ndipo mu Ogasiti ndi mu Okutobala 1861 anatsogolera anthu onyamula mfuti kukathira nkhondo Ayao. Midzi inatenthedwa, anthu anafa, ndipo ana ena anasanduka amasiye chifukwa cha nkhondo yomweyo imene inkati ikupulumutsa ana.

Pambuyo pake amishoni okhaokhawo anazindikira kuti nkhaniyo anaimva mbali imodzi. Ayao ambiri anali othawa nkhondo ndi njala kwawo, ofuna pokhala. Kugulitsa anthu kunalipo mbali zonse ziwiri. Ambiri mwa ana amene ankaleredwa pa mishoni analinso Ayao. Ku England akuluakulu ena a mpingo anadzudzula kwambiri kuti bishopu agwire mfuti. Ife a ku Machinga ndi Balaka, amene timatunga madzi pa mjigo umodzi Ayao, Amang'anja, Angoni ndi Alhomwe, akhristu ndi asilamu, tiyenera kuinena nkhaniyi mosabisa. Bishopu analakwitsa, ngakhale kuti mtima wawo unali wofuna kuteteza ofooka. Chifundo chopanda kufunsa bwino chimavulaza.

Mdani amene sanamuone

Malo aja anali abwino pothawa adani koma oipa pa umoyo. Anali otsika, anthu anathithikana, ndipo mvula itayamba nyansi zonse zinkakokolokera mumtsinje momwe ankamwa. Amene tinagwirapo ntchito m'chipatala tikudziwa chimene chimatsatira. Kamwazi anabuka. Chakudya chinachepa, ndipo mwana wanjala akatsegula m'mimba sachedwa kutha madzi m'thupi. Ana ambiri amene anapulumuka m'manja mwa ogula akapolo anafera mkati mwa linga. Masiku amenewo anthu sankadziwa bwino za tizilombo ta m'madzi, ndipo sankadziwa n'komwe kuti malungo amabwera ndi udzudzu. Dokotala wa mishoni, a Dickinson, anafika mochedwa, chakumapeto kwa chaka, pamodzi ndi wansembe wina wachinyamata, Henry Burrup.

Bishopu ankaona kuti abambo okha sangathe kulera atsikana ndi makanda. Chiyembekezo chawo chinali pa amayi amene anali m'njira: mlongo wawo Anne, Mayi Burrup, ndi mayi wina wowathandiza, Jessie Lennox. Anapangana ndi Livingstone kuti akakumane pa 1 Januwale 1862 pamene mtsinje wa Ruo umathira mu Shire, ku Chiromo, kuti akonze zolandira amayiwo.

Imfa pa chilumba cha Malo

Anachedwa kunyamuka chifukwa anayamba apita kukalanga mudzi wina cha ku Mulanje umene unachitira chipongwe anzawo. Ananyamuka pa Magomero pa 3 Januwale pamodzi ndi a Burrup, mvula ili pakati, onse awiri akudwala kale m'mimba. Kwa Chibisa anakwera bwato. Usiku wina bwatolo linagubuduzika, ndipo mankhwala onse, pamodzi ndi kwinini, anapita ndi madzi. M'malo mobwerera kukatenga ena, anapitirira. Atafika pa chilumba cha Malo anapeza Livingstone atadutsa kale masiku angapo. Anaganiza zodikira pomwepo. Malungo anawagwira, mankhwala panalibe, ndipo Bishopu anamwalira pa 31 Januwale 1862 ali ndi zaka 36. A Burrup, nawonso ali wefuwefu, anawaika m'manda madzulo a tsiku lomwelo kutsidya la mtsinje. Anawanyamula kubwerera nawo ku Magomero, kumene anamwalira pa 22 Febuluwale.

Sabata yomweyo imene Bishopu ankamwalira, chombo chonyamula amayi aja chinali chitangofika pamene Zambezi amathira m'nyanja yaikulu. Anne, amene anali wodwaladwala, anakwera mtsinje pa boti pamodzi ndi Mayi Burrup. Anafika kwa Chibisa mu Malichi, ndipo kumeneko ndi kumene anamva kuti wina wataya mlongo, wina wataya mwamuna. Anabwerera osawaona ana amene anadzera.

Anawo anathera kuti?

Mishoni inasamukira kwa Chibisa mu 1862. Kunagwa chilala ndi njala yoopsa. A Scudamore anamwalira pa 1 Januwale 1863, a Dickinson mu Malichi chaka chomwecho. Bishopu watsopano, William Tozer, anasamutsira mishoni ku phiri la Morambala, kenaka ku Zanzibar mu 1864. Iwo sanafune kutenga amayi ndi atsikana amene analibe abale. Horace Waller anakana kuwasiya. Mothandizidwa ndi Livingstone anawatulutsa, napita nawo ku Cape Town.

Anthu akanati zonse zapita pachabe. Koma mmodzi mwa anyamata a pa Magomero anali Chuma, Myao, amene pambuyo pake anayenda ndi Livingstone, ndipo mu 1873 iye ndi Susi anatsogolera anthu amene ananyamula mtembo wa Livingstone kuchokera kwa Chitambo ku Zambia mpaka kugombe la nyanja yaikulu. Daoma uja anabatizidwa dzina la Anne. Anakulira m'nyumba ya ana amasiye ya St George's ku Cape Town, m'manja mwa amayi amene anamusamala, ndipo atakula anakhala mphunzitsi wa ana a mumzindawo kwa zaka zambiri. Bishopu anamunyamula tsiku limodzi, amayi anamulera zaka, iyenso analera ena.

Anne Mackenzie naye sanakhale manja lende. Atabwerera ku England anayambitsa kanyuzipepala ka nkhani za mishoni mu 1866, nasonkhanitsa ndalama zimene zinathandiza kukhazikitsa dayosisi ya Zululand pokumbukira mlongo wake. Anamwalira mu 1877. UMCA inabwereranso kunyanja mu 1882 ndi William Percival Johnson, ndipo mu 1885 inakhazikika pa Likoma.

Nanga ife lero?

Magoli anatha, koma ana osowa wowayang'anira sanathe. Tikuwaona pa depoti ku Balaka ndi pa msika ku Liwonde, akugulitsa madzi ndi mazira owiritsa nthawi ya sukulu, akunyamula katundu wa anthu, ena akugona m'makonde a masitolo. Ena ali m'timanyumba ta lendi tothithikana, mabanja angapo chimbudzi chimodzi. Ena anathawira ku Ndirande ndi ku Mtandire. Magomero wathu ali pamenepo.

Choyamba, tiwadziwe mayina. Pa Magomero ankaitana mwana aliyense m'mawa, ndipo akasowa ankadziwika. Gulu lililonse la amayi likhale ndi kope lolembamo ana ovutika a m'dera lake: akukhala ndi yani, ali sitandade chani, anadya liti. Tiziyenda awiriawiri, ndipo tizidziwitsa mfumu ndi a ofesi yosamalira anthu ya boma.

Chachiwiri, tisalekanitse Uthenga Wabwino ndi madzi abwino. Mliri wa kolera umene unayamba mu Malichi 2022 unayambira kuno ku Machinga, ndipo unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Zimene amishoni aja sankadziwa ife tikuzidziwa. Pa Sande sukulu ndi pa misonkhano ya atsikana tiziphunzitsanso kusamba m'manja ndi sopo, kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini, kusungunula Thanzi, kugona m'neti, ndi kuthamangira kuchipatala mwana akangotentha thupi.

Chachitatu, tisafunse mtundu kapena chipembedzo mwana ali ndi njala, ndipo tisaweruze banja tisanamve mbali zonse. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Chomaliza, tisachedwe ndipo tisatope. Amayi a mu 1862 anafika mochedwa chifukwa cha mitsinje ndi nyanja. Ife palibe chotitchinga, anawo tikukhala nawo mudzi umodzi. Phwando la pa Khrisimasi ndi labwino, koma mwana amadya tsiku lililonse ndipo sukulu imatsegulidwa katatu pa chaka. Ndi bwino gulu lisankhe ana atatu n'kuwaperekeza mpaka atsirize sukulu, kusiyana ndi kugawira ana 100 maswiti kamodzi.

Pa msonkhano wanu wotsatira werengani Marko 10:13-16, mukambirane za mbiri imeneyi, ndipo musabalalike musanalembe dzina la mwana mmodzi amene muyambe naye. Ambuye adalitse ntchito ya manja anu.