Tawakali Sudi, Jumbe Wachitatu wa ku Nkhotakota

Ife a ku Chinguluwe tikapita ku Nkhotakota pa msewu wa M5 timangothera pamsika. Ndi ochepa amene amatsetserekera kugombe, kumene kunali doko lalikulu la malonda a minyanga ndi akapolo. Mfumu yomaliza kulamulira dokoli ndi mphamvu zenizeni inali Tawakali Sudi.

Ambiri amayesa kuti Jumbe ndi dzina la munthu mmodzi, chonsecho ndi mawu a Chiswahili otchulira udindo. Anayambitsa ufumuwu ndi Salim bin Abdallah, amene anafika m'zaka za m'ma 1840 napempha malo kwa mafumu a Achewa. Tawakali anali wachitatu pampandowo. Iye anapeza mzinda utakula kale: madimba a mpunga, mzikiti, ndi zombo zamatanga zoolotsa katundu kupita tsidya la kum'mawa, kumene ulendo wapansi wopita ku Kilwa unkayambira. Katundu wina mwa ameneyo anali anthu ogwidwa m'midzi ya Achewa, ndipo ichi sitingachibise pofotokoza za nzeru zake.

Nzeruzo zinaoneka mu 1889 pamene Harry Johnston anafika. Mafumu ena a m'mbali mwa nyanja, monga Makanjira, anasankha nkhondo. Tawakali anasaina pangano, nalandira mbendera ya Britain ndi ndalama za chaka ndi chaka. Ena amati kumeneku kunali kugonja, koma ine ndikuona munthu wokalamba wozingidwa ndi adani. Makanjira anali mdani wake, ndipo ngakhale nduna zake zina zinali zitayamba kumuderera. Mu 1893 imodzi mwa izo, Chiwaura, inamuukira, ndipo anamupulumutsa ndi asilikali a Johnston.

Panganolo linateteza iye yekha, osati mpando wake. Atamwalira mu 1894, amene anamulowa m'malo sanakhalitse: azungu anamuchotsa namutumiza ku Zanzibar. Chaka chomwecho cha 1894 amishoni a UMCA anakhazikika ku Nkhotakota, ndipo mzindawo unasanduka boma la atsamunda. Zombo za akapolo zinaleka kuoloka.

Lero kufupi ndi nyanja kwatsala mzikiti wakale ndi manda a ma Jumbe. Mtengo umene alendo ambiri amaufunsa ndi uja amati Livingstone anakhala patsinde pake.